MLANDU SUOLA: NKHANI YA MICHAEL JACKSON IGAWA ANTHU PAWIRI

Masana a pa 13 June 2005, khamu la anthu linaima pa dzuwa kunja kwa bwalo la milandu m'tauni ya Santa Maria, m'cigawo ca California ku America. Ambiri ananyamula zikwangwani, ndipo ena anali atacokera ku maiko akutali. Pakati pao panali mai wina amene anabwera ndi nkhunda zoyera. Pamene kalaliki wa bwalo anayamba kuwerenga cigamulo, maiyo anali kuulutsa nkhunda imodzi nthawi iliyonse imene kunamveka mau akuti woimbidwa mlandu sanalakwe. Khamulo linafuula, ena nagwa pansi ndi kulira.

Woimbidwa mlanduyo anali Michael Jackson, woimba wochuka koposa onse a m'nthawi yake, ndipo mlandu waukulu unali wakuti anagwiragwira mnyamata wa zaka 13 mwa njira yonyansa. Tsiku lomwelo, m'nyumba zambiri za ku America munali anthu ena amene anapukusa mitu, nati cuma cagonjetsa cilungamo. Bwalo linatseka mlandu, koma m'mitima ya anthu sunatsekeke. Akuluakulu akale anati mlandu suola, ndipo nkhani ya woimba ameneyu yatsimikiza mau amenewo.

MWANA WA KU GARY

Kuti munthu amvetse cifukwa cake nkhaniyi inautsa mapiri pa cigwa, ayenera kudziwa poyamba kuti Jackson anali yani kwa anthu. Iye anabadwa pa 29 August 1958 mu mzinda wa Gary, m'cigawo ca Indiana. Atate wake anali kugwira nchito m'fakitale ya zitsulo, ndipo banja lonse linali kupanikizana m'kanyumba kakang'ono. Anayamba kuimba ali mwana pamodzi ndi akulu ake anai m'gulu lochedwa Jackson 5. Cimbale cake ca Thriller, cimene cinatuluka mu 1982, cinagulidwa koposa cimbale cina ciliconse m'mbiri ya nyimbo, ndipo mu 1984 analandira mphoto 8 za Grammy usiku umodzi.

Kwa anthu akuda a ku America iye anali cinyadiro cacikulu, pakuti anatsegula zitseko zimene zinali zotsekedwa kwa oimba akuda. Ngakhale m'Zambia muno acikulire ambiri akumbukira anyamata a m'ma 1980 akuyesa kabvinidwe kake koyenda cobwerera m'mbuyo ngati munthu woterereka. Mu 1992, pamene anaceza ku Côte d'Ivoire, anthu a m'mudzi wa Krindjabo anamlonga ufumu waulemu.

Mu 1988 anagula munda wa maekala pafupifupi 2,700 ku California, naucha Neverland. Anaikamo kanjanji ndi sitima yake, nyumba ya kanema, akatungwe a makina, ndi nyama monga njobvu ndi nyamalikiti. Anali kuitana ana odwala ndi ana osauka kuti adzasewere kwaulere. Iye anali kunena kuti sanadye ubwana cifukwa ca nchito ndi mkwapulo wa atate wake, ndi kuti anali kufuna kupatsa ana ena cimene iye anasowa. Anthu ambiri anamva cisoni ndi mau amenewa, namkhulupirira.

CAKA CA 1993

Mu August 1993 kunamveka kuti mnyamata wa zaka 13, mwana wa dokotala wa mano, waulula kuti Jackson anali kumcita zonyansa. Apolisi anasecha ku Neverland. Mu November woimbayo anaimitsa ulendo wake woimba m'maiko osiyanasiyana, ponena kuti wazolowera mankhwala opha ululu ndipo afunika cithandizo. Kampani ya Pepsi, imene inali kugwiritsa nchito dzina lake potsatsa malonda, inalekana naye. Pa 22 December analankhula pa wailesi ya kanema ali ku Neverland, nakana zonse.

Apa ndi pamene anthu anayamba kugawikana. Om'konda anati atate a mnyamatayo anali kungofuna ndalama. Elizabeth Taylor, mai wochuka wa m'mafilimu, anaima kumbali yake poyera. Anthu akuda ambiri anakumbukira mbiri yowawa ya dziko lao, mmene amuna akuda anali kunamiziridwa milandu ya ciwerewere ndi kuphedwa popanda ciweruzo, ndipo anaona ngati manyuzipepala akubwereza zomwezo. Koma ena anafunsa funso limodzi: kodi mwamuna wa zaka 35 afunanji pogona cipinda cimodzi ndi ana a eni?

Kugawikanaku kunalowa ndi m'banja lake lomwe. Mlongo wake, La Toya Jackson, anauza atolankhani mu December 1993 kuti anali kukhulupirira zimene zinali kunenedwa. Patapita zaka anabweza mau akewo, nati mwamuna wake wa nthawi imeneyo ndiye anamkakamiza kunena zimenezo.

Mu January 1994 mlandu wofuna malipo umene banja la mnyamatayo linasuma unathera kunja kwa bwalo. Zinamveka kuti Jackson analipira ndalama zoposa madola 20 miliyoni, koma sanabvomere kulakwa. Mnyamatayo anakana kukapereka umboni, ndipo mu September 1994 oimira boma pa milandu analeka kufufuza. Zimenezi zifanana ndi zimene zimacitika pamene mabanja athetsa nkhani yaikulu ndi ng'ombe m'malo mopita nayo ku bwalo: phokoso limatha, koma coonadi sicidziwika. Ena anati wosalakwa sangalipire cuma cotere. Ena anati analipira kuti agule mtendere. Ena anadzudzula makolo amene analandira ndalama m'malo mofuna ciweruzo.

MLANDU WA KU SANTA MARIA

Mu February 2003 kunaonetsedwa filimu ya mtolankhani wa ku Britain, Martin Bashir. M'filimuyo Jackson anaoneka atagwirana manja ndi mnyamata amene anali atadwala khansa, ndipo ananena ndi pakamwa pake kuti kulola ana kugona pa bedi lake ndi cizindikiro ca cikondi cabe, osati ca ciwerewere. Mau amenewa anadzidzimutsa ngakhale ena mwa om'konda. Mu November caka comweco anamangidwa pa mlandu wokhudza mnyamata yemweyo.

Tsiku limene anakaonekera koyamba ku bwalo, mu January 2004, Jackson potuluka anakwera pamwamba pa galimoto nabvina pamaso pa khamu lomkuwira. Om'konda anati ndiko kulimba mtima kwa munthu wosalakwa. Om'tsutsa anati ndiko kupeputsa mlandu wa mwana.

Ku America mlandu wotere sugamulidwa ndi woweruza yekha. Amasankha anthu wamba 12 kuti amve umboni wonse, ndipo onse ayenera kugwirizana popanda cikaiko asananene kuti munthu walakwa. Pa mlandu uwu panali akazi 8 ndi amuna 4. Loya wa Jackson, Thomas Mesereau, anagwetsa umboni wa mai wa mnyamatayo posonyeza kuti maiyo ananamapo pa nkhani zina za ndalama. Acinyamata ena amene anacezapo ku Neverland ali ana, monga Macaulay Culkin wa m'mafilimu ndi Wade Robson wodziwa kubvina, analumbira kuti Jackson sanawacite coipa ciliconse. Cigamulo cinali cakuti sanalakwe pa milandu yonse. Komabe patangopita miyezi iwiri, awiri mwa anthu 12 aja ananena poyera kuti mumtima mwao anali kumkaikira.

Jackson anacoka m'dzikomo nakakhala ku Bahrain, ndipo sanakhalenso ku Neverland. Anamwalira pa 25 June 2009 ali ndi zaka 50, cifukwa ca mankhwala ogonetsa amene dokotala wake anampatsa. Dziko lonse linalira maliro ake, zimbale zake zinagulidwanso kwambiri, ndipo ambiri anayesa kuti nkhani ija yakwiriridwa naye pamodzi.

MBONI ISINTHA MAU

Mu 2013 Wade Robson, yemwe uja anamchinjiriza pa bwalo, anasintha mau. Anati Jackson anamcita zonyansa kwa zaka zingapo kuyambira ali ndi zaka 7. Mu 2014 mwamuna wina, James Safechuck, amene ali mwana anaonekera ndi Jackson pa kanema wotsatsa Pepsi, ananenanso zofanana. Onse awiri anasuma kufuna malipo. Mu 2019 anafotokoza nkhani zao m'filimu ya maola anai yochedwa Leaving Neverland, yokonzedwa ndi Dan Reed. M'filimuyo analankhulamonso amai ao, amene anafotokoza mmene kuchuka kwa woimbayo, mphatso zake ndi maulendo a pa ndege zinawatsekera maso, kufikira analola ana ao kugona m'cipinda cake.

Nthawi imeneyi zinthu zinali zitasintha. Kuyambira mu 2017 akazi ndi amuna ambiri a ku America anali atayamba kuulula nkhanza zimene anthu amphamvu anawacitira, ndipo makutu a anthu anali otseguka koposa kale. Nyumba zina za wailesi ku Canada, ku New Zealand ndi ku Netherlands zinaleka kuulutsa nyimbo zake. Okonza sewero la pa kanema la The Simpsons anacotsa gawo la mu 1991 limene munali mau ake. Nyumba yosungira zakale za mpira mu mzinda wa Manchester inacotsa ciboliboli cake. Oprah Winfrey, amene anacezapo ndi Jackson ku Neverland mu 1993, anaceza ndi amuna awiriwo pamaso pa anthu amene anacitidwapo nkhanza ali ana.

Om'konda nawonso sanakhale cete. Anasonkha ndalama naika zikwangwani pa mabasi a mu London zonena kuti Jackson sanalakwe, ndipo akuluakulu a mabasiwo anazicotsa pambuyo pa madandaulo a bungwe lothandiza ocitidwa nkhanza. Ku France magulu a om'konda anasumira amuna awiriwo pa mlandu woipitsa dzina la womwalira. Oyang'anira cuma ca malemuyo anasumira kampani ya HBO, imene inaonetsa filimuyo, kufuna madola 100 miliyoni. Iwo anati filimuyo inamva mbali imodzi yokha, ndi kuti amunawo analumbirapo kale zosiyana ndipo tsopano afuna ndalama. Wolemba mbiri wina anasonyezanso kuti siteshoni ya sitima ya ku Neverland, imene Safechuck anaichula, inamangidwa pambuyo pa zaka zimene iye ananena. Ena mwa om'konda anapitirira muyeso, natumiza matukwano ndi ziopsezo kwa amunawo ndi kwa wokonza filimu.

Koma unyinji wa anthu unangopitiriza kubvina. Sewero la nyimbo zake lochedwa MJ linatsegulidwa ku New York mu 2022, ndipo linalandira mphoto 4 za Tony. Milandu ya amuna awiri aja inatayidwa kangapo, koma mu 2023 bwalo la apilo ku California linalola kuti imvedwe.

KHOSWE PA MKHATE

Coonadi cimene munthu aliyense ayenera kugwira ndi ici: palibe bwalo limene linapeza Michael Jackson wolakwa, ndipo iye anakana kufikira imfa yake. Coonadi cina ndi cakuti anthu angapo, pa nthawi zosiyana, anena za iye zinthu zofanana. Amene anena motsimikiza kuti adziwa zonse zimene zinacitika m'zipinda za ku Neverland anena zoposa zimene anaona.

Cimene caonekera poyera ndi khalidwe la khamu. Anthu ambiri anagamula nkhaniyi asanamve umboni, malinga ndi cimene anali kukonda kale. Mwambi umati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Woimba amene nyimbo zake zinabvinidwa pa ukwati wa munthu ali ngati khoswe pa mkhate: kumuponya mwala ndiko kuphwanya cinthu ca mtengo wapatali m'moyo wa munthuyo. Ndico cifukwa cake mkwiyo umatembenukira kwa woulula.

Akatswiri osamalira ana afotokoza kuti wocitira mwana nkhanza kawirikawiri sakhala mlendo, koma munthu wodziwika ndi wodalirika, amene amayamba ndi mphatso ndi kukoma mtima kwa makolo. Afotokozanso kuti ana ambiri, makamaka anyamata, amakana kapena kubisa kwa zaka zambiri cifukwa ca manyazi, mantha, ngakhale cikondi pa munthuyo. Motero kucedwa kuulula si umboni wa bodza. Komanso kuulula pakokha si umboni wotsiriza, pakuti kunamizira nakonso kumacitika, ndipo ndiyo nchito ya apolisi ndi mabwalo kusiyanitsa.

Pamene khamu litukwana munthu amene waulula, pali ana ena amene amaonerera ali cete. Mwana amene ali ndi cinsinsi cokhudza mphunzitsi, mlaliki, wamalonda wolemera kapena malume wake amaphunzira kuti pakamwa mpotseka. Kumvetsera mwana modekha ndi kupita naye ku cipatala ndi ku polisi sikutanthauza kuweruza munthu. M'Zambia muno nthambi ya apolisi ya Victim Support Unit inakhazikitsidwa kuti izilandira nkhani zotere, ndipo nkhani zimenezi si zothetsa ndi mbuzi kuseri kwa nkhokwe.

Amai awiri a m'filimu ija analola ana ao kugona m'cipinda ca Jackson. Dzina lake ndilo linatsegula citseko. Kaya woimbayo analakwa kaya sanalakwe, mkangano wonse wa zaka zoposa 30 unayambira pa citseko comweco, ca cipinda cimene munthu wamkulu ndi mwana wa eni sanayenere kutsekeredwamo awiri.