Makina oona golide pansi pa nthaka? Dekhani kaye

Sabata yatha msuweni wanga anandipeza kuno ku Naperi maso ali pa foni. Wina pa WhatsApp amamutsatsa “makina oona golide pansi”, ndipo mnyamata anatsala pang'ono kugulitsa njinga yake ya kabaza. Ine yunivesite sindinamalize, koma physics yomwe ndinatolako inakwana kumuuza kuti, “Aise, dekha kaye.”

Nkhani ili chonchi. Dziko lathuli ndi maginito wamkulu, nchifukwa chake kampasi imaloza kumpoto. Miyala ina ya pansi, makamaka yokhala ndi chitsulo, imasintha mphamvu imeneyi pang'ono. Ofufuza migodi amayeza kusinthako.

Mwa zida zoyezera, chomva kwambiri ndi SQUID, yomwe inapangidwa koyamba mu 1964 ku America. Ndi kamphete kakang'ono komwe kakazizira kwambiri, magetsi amayendamo popanda chowatchinga. Kuzizira kwake si kwa ku Dedza mu June ayi: ena amakaziziritsa ndi nitrogen wamadzi pa -196°C, ena ndi helium pa -269°C. Pamenepo kamamva ngakhale kamphamvu kochepetsetsa ka maginito. Ku Australia, bungwe la CSIRO linapanga chida chotere chotchedwa LANDTEM chofufuzira miyala ngati ya nickel ndi siliva.

Kwathu kuno, mukukumbukira Kauniuni? Mu 2013 ndi 2014 ndege za kampani ya Sander Geophysics ya ku Canada zinkauluka motsika dziko lonse, ndi thandizo la World Bank ndi European Union. Zinkayeza maginito ndi zida za mtundu wina, osati SQUID, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2015.

Koma mvetsani apa: palibe chida mwa zimenezi chomwe chimaona golide ngati pa TV. Golideyo sakokedwa nkomwe ndi maginito. Chidacho chimangokulozera kuti apa miyala ndi yosiyana. Kenako pamafunika kuboola pansi ndi kuyeza miyalayo ku labu. Ku Songwe Hill ku Phalombe ndi ku Kangankunde ku Balaka anaboola ndithu kuti adziwe zomwe zilimo. Ma detector a m'manja alipodi, koma amamva zitsulo za pafupi, osati mgodi.

Ndiye wina akakutsatsani makina, mufunseni: akuyeza chiyani, mpaka kuya bwanji? Akayamba chibwibwi, ndalama zibwerere m'thumba. Za miyala ya m'dera lanu, kafunseni ku dipatimenti ya Geological Survey ku Zomba.

Msuweni uja njinga akadali nayo. M'mawa uno wandisiya ku Ginnery Corner, ndipo wandilipiritsa ndithu.