Gasi wapafupi kwa mlimi ali m'khola

Nkhani ya gasi ili m'kamwam'kamwa kaamba ka kukwera mtengo kwa makala. Kuno ku Area 47 mabanja ena ayamba kuphikira gasi, pomwe ku Chinsapo ndi ku Mgona ambiri akudalirabe mbaula. Koma gasi alipo wamitundu itatu, choncho ndati tiunikire limodzi.

Woyamba ndi gasi wachilengedwe, wochokera pansi pa nthaka. Anzathu a ku Mozambique ali naye ku Pande ndi Temane, ndipo kuyambira 2004 amamutumiza ku South Africa kudzera m'paipi yotalika makilomita 865. Kuno sitikumba gasi wotere, ndipo palibe paipi yobwera naye m'dziko muno. Ameneyu tisamuwerengere.

Wachiwiri ndi wa m'masilinda uja, wotchedwa LPG. Amapsetsa chakudya msanga popanda utsi, koma amachokera kunja, kotero mtengo wake umakwera kwacha ikagwa. Komabe banja la m'tauni likasiya makala limapulumutsa mitengo ya ku Dzalanyama, komwe kumayambira mtsinje wa Lilongwe. Nkhalangoyi idaonongeka mpaka mu 2015 boma lidatumizako asilikali kukailondera. Ikatha, madimba athu ndi mipopi ya m'tauni zidzaumira limodzi.

Wachitatu ndi wochokera ku ndowe, ndipo ndi amene ine ndikuona kuti ngoyenera mlimi. Mpweya umene umayaka mwa iye ndi methane, womwewo wa mu gasi wa ku Temane. Mumasakaniza ndowe zatsopano ndi madzi pamuyeso wofanana, nkuthira m'thanki yosalowa mpweya. Tizilombo tosaoneka ndi maso timaoletsa ndowezo, gasi nkumatuluka kupita kukhitchini kudzera m'kapaipi. Phala lotsala ndi manyowa abwino a kudimba.

Zovuta zake ziliponso. Kumanga thanki kumalira ndalama zambiri poyamba. Ng'ombe ziyenera kukhala m'khola kuti ndowe zipezeke tsiku lililonse, madzinso akhale pafupi. M'miyezi yozizira ya June ndi July gasi amachepa. Madzi a sopo kapena a mankhwala a dibi asalowemo chifukwa amapha tizilombo tija.

Ngati muli ndi ng'ombe zamkaka zitatu kapena zinayi, kaonaneni ndi alangizi a m'dera lanu, ndipo mukaone kaye thanki yomwe ikugwira ntchito musanagule simenti.