Osagulira mwana Colgate chifukwa cha katuni

Pitani pa benchi ya zodzoladzola mu msika wa Limbe kapena wa Ndirande, mukapeza machubu a mankhwala otsukira mano ali ndandanda, ena ofiira, ena a buluu, ena ojambulidwa tinyama toseka. Kwa ife onsewa ndi Colgate basi, kaya wopanga ndi wina. Mayi akafika ndi mwana, amene amasankha nthawi zambiri ndi mwanayo. Akangoona kalulu pa chubu, nkhani yatha, ndalama yatuluka.

Koma kalulu satsuka mano. Chimene chimateteza mano ndi mankhwala otchedwa fluoride. Mwana akadya maswiti, mafrizesi kapena kumwa Sobo, tizilombo ta m'kamwa timasandutsa shugayo kukhala asidi amene amadya pang'onopang'ono chikuto cholimba cha dzino mpaka kubowoka. Fluoride amalimbitsa chikutocho. Nchifukwa chake mu 2021 bungwe la World Health Organisation lidaika mankhwala otsukira mano a fluoride pa m'ndandanda wa mankhwala ofunikira kwambiri.

Ndiye tembenuzani chubucho, muwerenge kumbuyo. Pamakhala nambala yotsatidwa ndi zilembo zitatu, ppm. Ya mwana isachepere 1000 ppm. Machubu ena a ana, odula bwino ndithu, amakhala ndi 500 ppm yokha, ena alibiretu fluoride, ndipo amalemba monyadira ngati kuti ndi ubwino. Oterewa mwangogula kafungo ka sitiroberi.

Nanga ngati ndalama yosiyanitsira chubu cha ana ndi cha akulu palibe? Musadandaule. Cha banja chija, chimene nthawi zambiri chimakhala 1450 ppm, mwana atha kugwiritsa ntchito. Nkhani yagona pa muyeso, ndipo apa ndi pamene makolo ambiri timalakwitsa. Pa kanema otsatsa malonda amapaka mswachi wonse, mutu mpaka mchira, chifukwa akufuna chubu chithe msanga mukagulenso. Mwana wosakwana zaka 3 mupakireni kochepa ngati njere ya mpunga. Wa zaka 3 mpaka 6, ngati njere imodzi ya nsawawa. Mukatero chubu chimodzi chimakhalitsa.

Muyesowu si wosungira ndalama wokha. Ana ang'ono sadziwa kulavula, amameza, makamaka akamva kutsekemera. Mwana akamameza fluoride wambiri pamene mano ake achikulu akupangika m'nkhama, manowo amadzatuluka ndi mawanga oyera, nthawi zina ofiirira, amene satha ndi kutsuka. M'madera ena monga ku Nathenje ku Lilongwe ndi mbali zina za Machinga ndi Nsanje, madzi a m'mijigo ina ali kale ndi fluoride wambiri, ndiye kumeneko muyeso usamaphonyedwe. Chubu chizikhala pamwamba, osati pa zenera pomwe mwana angafike n'kumanyambita ngati jamu.

Alipo amene amati, "Aaa, manowa adzagweluka, adzamera ena." Zoona adzagweluka, koma osati mawa. Mano oyamba alipo 20, amayamba kumera mwana ali ndi miyezi pafupifupi 6, ndipo akumbuyo ena amakhala mpaka zaka 11 kapena 12. Ndi omwewo amasungira malo mano achikulu. Likabowoka limodzi, mwana sagona, sadya, inunso simugona. Kukacha mutseke benchi mukaime pa mzere wa dokotala wa mano ku Queens kapena ku Central, tomato akupsa yekha m'dengu. Yambani kumutsuka dzino loyamba likangotuluka, kawiri pa tsiku, ndipo ulendo wina ukhale usiku asanagone. Akatha alavule thovu, koma asachukuche ndi madzi, fluoride atsalire pa mano. Mpaka zaka 7, wamkulu azikhala pomwepo, chifukwa mwana payekha amangotsuka akutsogolo awiri n'kuthawa.

Tsopano kwa inu ogulitsa, poti enanu ndinu eni ake machubuwa. Pooda katundu yang'anani deti yothera ntchito, imene kawirikawiri imadindidwa kumchira kwa chubu. Chubu chimene malemba ake ndi ofufutika, kapena alembedwa m'chiyankhulo chimene ngakhale inuyo simungapezemo nambala ya ppm, chisiyeni kwa mwini wake ngakhale akutsitsireni mtengo. Musayanike machubu padzuwa tsiku lonse ngati usipa. Ndipo mayi akabwera kudzafuna za mwana wa zaka ziwiri, musamupatse aja olembedwa kuti amayeretsa mano kapena a makala. Ambiri mwa iwo amakhala okhakhala, adapangira mano a akulu. Mutembenuzireni chubu cha wamba, mumuwonetse nambala ija, mumuuzenso za njere ya mpunga.