KODI ANAYAMBA KUPANGA PIYANO NDI NDANI?

Anzanga, ambiri tinaonapo kiyibodi kutchalitchi kapena pa ukwati. Kiyibodi yamagetsi ija imatsanzira piyano, ndipo piyanoyo sinangogwa kumwamba ayi. Anaipanga ndi mmisiri wa ku Italy, dzina lake Bartolomeo Cristofori.

Mkuluyu anabadwa mu 1655 mumzinda wa Padua, ndipo ntchito yake inali yopanga ndi kukonza zoimbira. Mu 1688 Ferdinando de' Medici, mwana wa wolamulira wa ku Florence, anamulemba ntchito yosamalira zoimbira zake.

Nthawi imeneyo choimbira cha mabatani chotchuka chinali harpsichord. Ukadina batani, kanthenga ka mbalame kamakoka nsambo n'kuisiya, monga chala chimachitira pa gitala kapena pa bangwe. Vuto linali loti kaya udine mwamphamvu kaya pang'ono, mawu amatuluka chimodzimodzi basi. Panalinso china chotchedwa clavichord. Icho chimalola woimba kukweza ndi kutsitsa mawu, koma chimalira motsika kwambiri moti m'chipinda chachikulu anthu samachimva bwino.

Cristofori anaganiza zomenya nsambo ndi tinyundo tokutidwa ndi chikopa. Mwina mukuti nanga chovuta n'chiyani pamenepo? Taganizirani belu lathu la pasukulu pano. Ukalimenya ndi chitsulo n'kuchisiya chili chogunda, limangoti "du" n'kukhala chete. Kuti lilire bwino, chitsulo chiyenera kumenya n'kuchokapo msanga. (Musakayese nthawi ya phunziro, chibalo chake n'chanu!) Nsambo nayo ndi choncho. Ndiye funso linali lakuti, kanyundo kachokapo bwanji pa nsambo chala cha woimba chikadali chodina batani?

Apa ndi pamene panagona luso lake. Anakonza kuti batani lizikankha kanyundo, koma kakatsala pang'ono kufika pa nsambo, kamtengo kokankhako kazipatuka. Kanyundo kamamaliza ulendo kokha ngati mwala woponyedwa, kamamenya nsambo n'kugwera m'mbuyo, nsambo n'kutsala ikulira. Ukachotsa chala, kanthu kena kofewa kamakhudza nsambo ndipo mawu amatha. Ukadina mwamphamvu kanyundo kamathamanga kwambiri, mawu n'kukwera. Ukadina pang'ono, mawu amatsika.

Dzina lenilenilo linachokera pomwepo. M'Chitaliyana, "piano" ndiye kuti motsitsa, "forte" ndiye kuti mokweza. Kaundula wa zoimbira za Ferdinando wa mu 1700 amatchula kale choimbira cha Cristofori chotha kuchita ziwiri zonsezi. Anthu anayamba kuchitchula kuti pianoforte, kenako anangodula n'kumati piyano.

Koma sikuti inatchuka tsiku limodzi. Mu 1711 Scipione Maffei analemba nkhani yofotokoza choimbirachi, yokhala ndi chithunzi cha m'kati mwake. Nkhaniyo itafika ku Germany, mmisiri wina, Gottfried Silbermann, anayamba kupanga zake. Katswiri wa nyimbo Johann Sebastian Bach ataziyesa anadandaula kuti mabatani ndi olimba ndipo mawu okwera akumveka ofooka. Silbermann anakonzanso mpaka Bach anakhutira.

Chomvetsa chisoni n'chakuti Cristofori anamwalira mu 1731 asanaone kutchuka kwa ntchito yake. Nyimbo zoyamba kusindikizidwa zopekera piyano, za Lodovico Giustini, zinatuluka mu 1732, mwini wake atapita kale. Lero mapiyano ake atatu okha ndi amene alipo: ya 1720 ili ku New York, ya 1722 ku Rome ndipo ya 1726 ku Leipzig. Ya ku Leipzig ili ndi mabatani 49, pamene piyano ya masiku ano ili ndi 88, oyera 52 ndi akuda 36. Zambiri zasintha, koma kanyundo kaja kamamenyabe n'kuthawa.

Pali ena mwa ife amene amaseka ntchito zamanja, amati n'za olephera sukulu. Cristofori timamukumbukira chifukwa cha matabwa, chikopa ndi mawaya, ndipo papita zaka zoposa 300 dziko likuimbabe ndi nzeru zake. Musananyoze kalipentala wa pamsika, yambani mwaima n'kuonetsetsa zimene akuchita.

Wolemba: wophunzira wa Fomu 2