SARA: MTSIKANA WA M'ZITHUNZI AMENE ANAPHUNZIRA KULIMBA MTIMA

Munthu akaima pa Liwaladzi m'mawa, m'mphepete mwa msewu wochokera ku Nkhotakota kupita ku Dwangwa, amaona magulu awiri a atsikana. Ena avala yunifolomu, makope ali m'manja. Ena, a msinkhu womwewo, asenza nkhuni kapena mabeseni a usipa wochokera ku nyanja. Ambiri mwa a gulu lachiwirili sanasiye sukulu chifukwa cha umbuli ayi. Anangouzidwa tsiku lina kuti ndalama zatha, ndipo iwo anaweramitsa mutu osayankha kanthu.

M'chigawo chino tikambe za mtsikana wina amene anauzidwa mawu omwewo koma sanagonje. Dzina lake ndi Sara. Iyeyu sanabadwe kwa mayi, koma anachita kujambulidwa pa pepala, nayendetsedwa pa kanema monga achitira ndi makatuni onse.

Sara anapangidwa ndi bungwe la UNICEF, kudzera ku ofesi yake ya ku Nairobi, pakati pa zaka za m'ma 1990. Nzeruyo inatengedwa kwa Meena, kamtsikana kena ka m'zithunzi kamene kanali katatchuka kale ku Bangladesh ndi maiko oyandikana nawo. Asanamalize kumujambula, akatswiri anayenda m'maiko angapo a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa, kuphatikizapo Malawi, kufunsa ana ndi makolo za moyo wao. N'chifukwa chake mudzi wa Sara ulibe dziko lenileni, koma aliyense akauona amati ndi kwao. Nkhani zake zinatuluka pa kanema, pa wailesi ndiponso m'timabuku ta zithunzi. Ali ndi anzake awiri, Amina ndi Juma, komanso kapusi kake kotchedwa Zingo.

Chimene tifuna kuti owerenga aonetsetse ndi m'mene mtsikanayu akulira kuchokera pa nkhani ina kufika pa inzake. Mu nkhani yoyamba, The Special Gift, Sara auzidwa kuti aleke sukulu popeza ndalama za pa banja n'zosakwanira. Iye sayamba ndi mkangano, pakuti ndi mwana wolemekeza akulu. M'malo mwake ayang'ana vuto limene lasautsa mudzi wonse, ndilo kusowa kwa nkhuni, naumba mbaula ya dothi yosatha nkhuni zambiri, pogwiritsa ntchito nzeru za ku sukulu. Akulu ataona phindu la mbaulayo azindikira kuti maphunziro a mwana wamkazi si ndalama zotayika. Apa mphamvu ya Sara ikali m'manja mwake, pakamwa pake sipanatseguke kwenikweni.

Mu nkhani ya Sara Saves Her Friend, tsoka ligwera Amina, amene anyengedwa ndi madalaivala a malole pa nthawi imene matenda a Edzi anali kusesa anthu m'misewu ikuluikulu. Tsopano Sara sakudzimenyera yekha nkhondo. Alowa m'zoopsa chifukwa cha mnzake, ndipo amupulumutsa. Mtima umene unayamba ndi kudzithandiza wafika pothandiza wina.

Kenaka mu nkhani ya The Trap, mwini sitolo wina wachikulire ayesa kumukola ndi mphatso. Mtsikana wamantha akanangothawa nabisa nkhaniyo mumtima. Koma Sara atchera msampha wake, mpaka khalidwe la munthuyo lionekera poyera kwa anthu a m'mudzi. Mwana uja anayamba ndi kuumba dothi mwakachetechete tsopano watha kuyalutsa munthu wachuma amene ambiri ankamuopa.

Tsono taonani dongosolo lake. Olemba nkhanizi sanampatse Sara mphamvu zamatsenga, ngakhale kuti pa katuni chili chonse chimatheka. Akanafuna akanamuulutsa m'mwamba kapena kumusandutsa mkango. Iwo anasankha kuti akule monga akulira mwana weniweni: kanthu kakang'ono kakatheka lero, mawa ayesa kokulirapo. Akulu akale adati pang'onopang'ono ndi mtolo. Kulimba mtima sikubwera chifukwa chouzidwa kuti limba mtima. Kumabwera munthu akachita kanthu ndi manja ake, naona kuti kathandiza, ndipo ena avomereza.

Apa pali phunziro kwa aphunzitsi athu. Mwana wamanyazi amene amakhala ku mapeto a kalasi sangasinthe ndi chilangizo chokha. Mpatseni ntchito yeniyeni imene angaithe: aitane maina a anzake, asunge mabuku a kalasi, afotokoze m'mene amayi ake amanyikira chinangwa cha kondowole. Akaitha, muyamikireni pamaso pa anzake, kenaka muonjezere ina yovutirapo. Ngakhale mbaula ya Sara si ya m'nthano chabe. Amayi ambiri m'Malawi muno amaumba mbaula ya Chitetezo, imene imatha nkhuni zochepa kuposa mafuwa atatu, ndipo mwana wa Sitandade 7 angathe kuphunzira kaumbidwe kake.

Kwa inu amene munasiya sukulu, dziwani kuti malamulo a dziko ali ku mbali yanu. Kuyambira mu 1993 mtsikana amene anasiya chifukwa cha mimba amaloledwa kubwerera m'kalasi akabereka. Mu 1994 fizi ya ku pulayimale inathetsedwa. Mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo akulu a dziko kuti munthu wosakwana zaka 18 asalowe m'banja. Koma lamulo lolembedwa ku Lilongwe silingadzinyamule lokha kufika pa khomo la ku Liwaladzi. Pafunika wina amene apite kwa mphunzitsi wamkulu, kwa anyakwawa kapena kwa amalume ake, nanena momveka kuti afuna kubwerera ku sukulu.

Mwina muti mtima wotere mulibe. Kumbukirani kuti nayenso Sara sanayambe ndi kulankhula pa bwalo. Anayamba ndi dothi la kumudzi kwao ndi zimene anawerenga. Funsani lero kuti kanthu kakang'ono kamene inu mungathe n'kotani, ndipo kachiteni sabata ino isanathe.