Banja Likatha, Ana Apita Kwa Yani?

Anthu amandifunsa kawirikawiri: banja likatha, ana ndi a yani? Kumudzi yankho lilipo kale. Kwa ife a chikamwini, ana ndi a kuchikazi ndipo amalume ndiwo eni mbumba. Kumpoto, kumene amapereka lobola, bambo amati ana ndi ake.

Kukhoti zimenezi sizigamula mlandu, ndipo ine ndimati nkoyenera. Gawo 23 la Malamulo oyendetsera dziko, komanso lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010, amafuna woweruza aike patsogolo ubwino wa mwanayo: ndani wakhala akumulera, adzaphunzira kuti, adzatetezeka bwanji, ndipo iye mwini akufuna chiyani ngati wasinkhukako.

Kholo limene silikhala naye limapatsidwa nthawi yokamuona. Apa ambiri amakwinya nkhope, koma ndalama zolerera mwana liziperekabe, ngakhale mnzakeyo atalowa m'banja lina.