"Ndimakonda kuyendayenda": mmene Chichewa chimaterera pofuna chibwenzi pa intaneti

Masamba ofunirapo chibwenzi pa intaneti amayendera mfundo imodzi: anthu okonda zinthu zofanana savuta kugwirizana. Match.com inayamba mu 1995. OkCupid, yomwe inabwera mu 2004, imafunsa munthu mafunso ambirimbiri nkuwerengetsera kuti mayankho ake akufanana bwanji ndi a ena. Tinder ya mu 2012 inafupikitsa zonse: ukaona chithunzi ndi zokonda za munthu, umakankhira kumanja ngati wakopeka, kumanzere ngati ayi. Kwa Mmalawi, mndandanda wosankhapo zokondazo umabwera m'Chingerezi. Koma awiri akayamba kulemberana, kawirikawiri Chichewa chimalowerera, ndipo zimene munthu anasankha m'Chingerezi zija amayenera kuzifotokozanso m'chiyankhulo chake. Apa mpamene pagona nkhani yathu.

Chichewa chilibe liwu limodzi lofanana ndendende ndi hobby. Timati "zokonda zanga", kapena timazungulira: "zimene ndimachita ndikapeza mpata". Katundu yense amasenzedwa ndi mneni mmodzi, -konda, yemwe ali ndi ntchito zitatu. Taonani ziganizo izi:

1. Ndimakonda mkazi wanga.
2. Ndimakonda bawo.
3. Mwanayu amakonda kudwala.

M'chiganizo choyamba muli chikondi. M'chachiwiri muli kusangalala ndi chinthu. M'chachitatu mulibe zonse ziwiri, pakuti palibe mwana amene amasangalala ndi matenda. Tikungonena kuti zimachitika pafupipafupi, monga timanenera kuti "mvula imakonda kugwa masana". Tanthauzo lachitatuli limatuluka -konda akatsatidwa ndi mneni woyamba ndi ku-, ndipo mphatikiri -ma- wa nthawi ya kawirikawiri amalilimbikitsa. Ndiye wina akalemba kuti "ndimakonda kukhala pakhomo", akutanthauza chiyani? Mwina ndi munthu wosangalala ndi bata. Mwinanso akungofotokoza mmene zinthu zilili, poti ndalama yotulukira palibe. Wowerenga amene naye ndi wapakhomo angaganize kuti wapeza mnzake, pomwe winayo akufuna womutulutsa.

Ntchito zitatuzi zimathandiza kumvetsa chifukwa chake mneni wobwereka kulayika wakhazikika m'macheza a pa Facebook ndi kwina. Ena amauona ngati ulesi chabe wa achinyamata. Koma yerekezani "wandilayika" ndi "wandikonda". Loyambalo likunena za kudina batani basi. Lachiwirilo ndi lolemera, chifukwa "ndakukondani" ndi mawu ofunsira, oti munthu sangawaponye chiponyeponye kwa amene wangomuona pa chithunzi. Liwu lobwerekali likugwira ntchito imene -konda sangaigwire popanda kulonjeza zambiri.

Tsopano tione zokondazo pazokha. Chodziwika kwambiri pa masambawa ndi travelling. Mukati mumasulire msanga, mupeza "kuyenda", ndipo pofuna kusonyeza kuti ndi maulendo ambiri mubwereza tsinde: "kuyendayenda". Galamala ndi yolondola, koma aliyense wokulira m'Chichewa akudziwa kuti "woyendayenda" ndi munthu wachiwerewere, ndipo mawuwa amagwera kwambiri akazi. Ngakhale "kuyenda ndi" kuli ndi msampha wake: "akuyenda ndi mwamuna wamwini" sizikunena za ulendo wa ku Salima ayi. Choncho mtsikana wokonda kukwera mapiri akalemba kuti "ndimakonda kuyendayenda", mauthenga amene angalandire akhoza kukhala achipongwe, ndipo mnyamata wokonda mapiri amene ankamufunayo akhoza kumudutsa. Ankafunika kunena kuti "ndimakonda kukaona malo", kapena kutchula chenichenicho: "chaka chino ndikufuna ndikafike pa Sapitwa", nsonga ya phiri la Mulanje ija yotalika mamita 3,002.

"Ndimakonda mpira" ndi chiganizo china chooneka chomveka koma chobisa zambiri. Mpira uti, wamiyendo kapena wamanja? Nanga mumasewera kapena mumangoonera? Chichewa cha m'misewu chili ndi aneni osiyanitsa bwino: kumenya mpira, kuonera mpira, kusapota timu. Amene walemba kuti "ndine wa Maule" kapena "ndine wa Manoma" wanena zambiri m'mawu atatu okha. Wasonyeza kuti amatsatira mpira wakuno, wasankha mbali pakati pa Bullets ndi Wanderers, ndipo wapatsa mnzakeyo poyambira nthabwala. Makina a tsambalo angaike awiriwa m'gulu limodzi la okonda mpira, koma macheza awo enieni adzayambira pa kusiyanako.

Funso lina ndi lakuti munthuyo akufuna chiyani kwenikweni. Si onse amene amalowa pa masambawa akufuna banja. Ena akungofuna woti azithamanga naye m'mawa kapena kuyimba naye kwaya. Liwu loti bwenzi limakwanira mbali zonse ziwiri, nchifukwa chake limasokoneza. Magulu a mayina ndiwo amatithandiza. Tikaika u- kumayambiriro tipeza ubwenzi, umene ungakhalepo ngakhale pakati pa mayiko awiri. Tikaika chi- tipeza chibwenzi, chomwe ndi cha chikondi basi. Chochititsa chidwi nchakuti chibwenzi chimatchulanso munthu weniweniyo, ndipo agwirizanitsi ake amakhalabe a gulu la Chi-Zi: "chibwenzi changa chabwera". Wofuna mnzake wa masewera okha ndi bwino apewe bwenzi nkunena "mnzanga wothamanga naye". Mawu oti "naye" akumangirira ubalewo ku ntchito imene yatchulidwa.

Pomaliza, pali mphatikiri -an- wa msintho wochitirana, amene Sam Mchombo anamufotokoza m'buku lake la 2004, The Syntax of Chichewa. Mphatikiriyu amasonyeza kuti ochitawo akuchitirana okhaokha, ndipo mneni safunanso pamtherankhani wina. Nchifukwa chake "timakonda bawo" ndi "timakondana" ndi ziganizo zomangidwa mosiyana. M'choyamba, anthu awiri ayang'ana chinthu chachitatu. M'chachiwiri, chachitatucho palibe, atsala awiriwo. Zimene tsamba la pa intaneti lingawerengetsere ndi chiganizo choyamba chokha. Likanena kuti mwagwirizana, ndiye kuti mwasankha zofanana pa mndandanda, kapena nonse mwakankhira kumanja. Kuchoka pamenepo kufika pa -an- ndi ntchito ya anthu awiriwo, ndipo imayamba ndi zing'onozing'ono, monga kudziwa nthawi yosiyira "inu" nkuyamba "iwe". Wothamangira "iwe" pa uthenga woyamba amamveka wamwano. Wokakamira "inu" mpaka mwezi wachitatu amamveka ngati akulembera abwana.

Kwa ophunzira za ziyankhulo, nayi ntchito yoti muyese. Tengani zokonda zisanu zimene zimapezeka pa mindandanda ya Chingerezi, monga kuphika, kuvina, kuwerenga, nyimbo ndi kujambula, muzilembe m'Chichewa monga mungauzire mlendo. Kenako mufunse anthu a misinkhu yosiyana kuti amvapo chiyani. Muyambe ndi "kujambula": zithunzi za pa foni, zapamanja, kapena nyimbo ku situdiyo?